Bondo Limapweteka Mukapalasa Njinga? Mafunso ndi Mayankho

Msewu wochokera ku Thyolo kudzera pa Bvumbwe ndi Chigumula mpaka ku Limbe umadzuka ndi njinga. Kukamacha, alimi a ng'ombe za mkaka amakhala ali kale pa ulendo ndi zigubu zawo, ogulitsa masamba atamangirira madengu a kabichi ndi tomato, amakala akukankha matumba, akabaza akudikira anthu pa siteji. Loweruka ndi Lamlungu kumadutsanso opalasa amasewera pa njinga zawo zopepuka za matayala ang'onoang'ono. Anthu onsewa, ngakhale zolinga zawo n'zosiyana, amadandaula chinthu chimodzi: bondo. Ena amati ndi ukalamba, ena amati ndi nyamakazi, ena mpaka amaganiza kuti alodzedwa. Komatu nthawi zambiri gwero la vuto limakhala pa njinga yeniyeniyo ndi mmene ikupalasidwira. Nawa mafunso amene opalasa amafunsa kawirikawiri.

Kodi kupalasa njinga kumawononga mawondo?

Ayi. Kupalasa ndi ena mwa masewera amene sasautsa mawondo, chifukwa thupi limakhala litatsamira pa chishalo ndipo phazi silimenya pansi ngati mmene zimakhalira pothamanga kapena posewera mpira. N'chifukwa chake madokotala amauza anthu a nyamakazi ya m'mawondo, ngakhalenso amene achitidwa opaleshoni ya bondo, kuti azipalasa njinga pang'onopang'ono kuti miyendo ilimbe. Izi sizikutanthauza kuti opalasa samva ululu. Kafukufuku amene akatswiri a ku Norway adafalitsa mu 2010 adafunsa akatswiri ampikisano wa njinga 109, ndipo 36 mwa 100 alionse adanena kuti adamvapo ululu kutsogolo kwa bondo m'miyezi 12 yapitayo. Ngati anthu okhala ndi njinga zoyezedwa bwino ndi madokotala owayang'anira amamva ululu, wakabaza wa ku Chigumula asadabwe bondo likamamupweteka. Chofunika n'kudziwa kuti ululu wotere uli ndi chifukwa, ndipo chifukwacho chimapezeka.

Sindinagwe, sindinagundidwe. Nanga bondo likupwetekeranji?

Chifukwa bondo la wopalasa limachita chinthu chimodzimodzi kambirimbiri. Munthu wopalasa mwachifatse, amene miyendo yake imazungulira ka 60 pa mphindi, amapinda ndi kutambasula bondo lililonse ka 3,600 pa ola. Wamasewera amene amazungulira ka 90 pa mphindi amafika ka 5,400. Kutsogolo kwa bondo kuli kafupa kozungulira kamene madokotala amakatchula patella. Kafupaka kamatsetsereka m'kanjira kake kumapeto kwa fupa la ntchafu, ndipo kamakokedwa ndi minofu ikuluikulu ya ntchafu nthawi iliyonse mukaponda pedulo. Bondo likapindika kwambiri uku mukuponda mwamphamvu, kafupaka kamapanikizika zedi pa fupa la ntchafu. Kulakwika kwakung'ono, monga chishalo chotsika ndi masentimita awiri okha, sikumveka pa kuponda kumodzi. Koma kukabwerezedwa kambirimbiri tsiku ndi tsiku, mitsempha ndi minyewa yozungulira bondo imatopa n'kuyamba kupweteka. N'chifukwa chake ululu wa njinga umabwera mozemba: umayamba ngati kuwawa pang'ono kumapeto kwa ulendo, kenako umamveka potsika masitepe, pogwada, kapena podzuka mutakhala nthawi yaitali mu minibasi.

Kodi malo amene pakupweteka angandiuze chomwe chalakwika?

Angakupatseni poyambira. Ululu wa kutsogolo kwa bondo, pa kafupa kaja kapena m'munsi mwake, ndiwo wofala kwambiri, ndipo nthawi zambiri umabwera chishalo chikatsika kwambiri, chikasunthira kutsogolo, kapena mukamaponda giya yolemera. Ululu wa kuseri kwa bondo umaloza chishalo chokwera mopitirira kapena chobwerera m'mbuyo kwambiri, moti mwendo umachita kunyanyamphira kuti ufike pa pedulo, ndipo minofu ya kuseri kwa ntchafu imakokeka. Ululu wakuthwa wa m'mbali mwa bondo chakunja umachokera ku mtsempha wautali wolimba umene umatsika kuchokera m'chiuno kudzera kunja kwa ntchafu. Umenewu umavuta chishalo chikakwera kwambiri kapena zala za phazi zikamaloza mkati. Ululu wa m'mbali chamkati umakonda kubwera mapazi akamaponda motalikirana kwambiri, zala zikamaloza kunja, kapena bondo likamagwera mkati poponda. Izi ndi zizindikiro chabe. Sizilowa m'malo mwa kupimidwa ndi dokotala, koma zimathandiza kudziwa poyamba kuika sipanala.

Chishalo chiyenera kukwera bwanji?

Njira yosavuta ndi ya chidendene. Tsamiritsani njinga pa khoma kapena wina akugwirireni, khalani pa chishalo mutavala nsapato zimene mumapalasira, ndipo tsitsani pedulo imodzi mpaka pansi penipeni. Ikani chidendene pa peduloyo. Mwendo uyenera kuwongoka bwino popanda chiuno kupendekera mbali imeneyo. Kenako mukaponda ndi kutsogolo kwa phazi, pamene pamayambira zala, bondo lidzakhala lopindika pang'ono. Akatswiri oyeza njinga amafuna kuti kupindikako kukhale pakati pa madigiri 25 ndi 35. Amene ali ndi tepi ya telala angayese njira yotchedwa ndi dzina la Greg LeMond, katswiri wa ku America amene adapambana mpikisano wa Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990. Yezani mwendo chamkati kuchokera pansi mpaka pamphechepeche mulibe nsapato, ndipo muchulukitse ndi 0.883. Wa mwendo wa masentimita 80 apeza pafupifupi masentimita 70.6, ndipo umenewo ndiwo mtunda wochokera pakati pa chitsulo chimene mikono ya mapedulo imazungulirapo mpaka pamwamba pa chishalo. Chishalo chikhale chathyathyathya, osati choloza kumwamba kapena chozyolika. Posintha, musakweze kwambiri tsiku limodzi. Onjezani theka la sentimita, palasani masiku awiri kapena atatu, kenako onjezaninso. Chitsulo cha chishalo chili ndi mzere wosonyeza polekezera; mukachisolola kupitirira mzerewo chikhoza kuthyoka.

Koma chishalo chikakwera sindiponda pansi. Ndi munthu kumbuyo, si ngozi imeneyo?

Funso limeneli ndi lomveka, ndipo ndilo limachititsa akabaza ambiri kutsitsa chishalo mpaka pa felemu. Amafuna kuti akaima mapazi onse aponde pansi ali chikhalire. Komatu kupalasa tsiku lonse mawondo akukwera mpaka pafupi ndi mahandulo kuli ngati kuyenda chonjuta kuchoka pa Chigumula mpaka ku Limbe. Pa njinga yoyezedwa bwino, munthu ali pa chishalo amangofika pansi ndi zala. Njira yake ndi kuzolowera kuima motere: gwirani mabuleki, sunthirani kutsogolo kuchoka pa chishalo, ndipo pondani pansi ndi phazi lonse. Ponyamuka, kwezani pedulo imodzi, ipondeni, ndipo thupi lidzakwera lokha pa chishalo. Izi zimatheka ngati mabuleki ali abwino ndipo felemu ndi ya msinkhu wanu. Ngati ntchito yanu imafuna kuimaima m'chipwirikiti cha mumsika wa Limbe, tsitsani ndi sentimita imodzi kuchokera pa muyezo woyenera, osati masentimita asanu. Vuto lina ndi njinga zobwerekana. Akabaza ambiri amapalasa njinga za mabwana awo, ndipo njinga imodzi imayendetsedwa ndi wamtali lero, wamfupi mawa. Ikani chizindikiro pa chitsulo cha chishalo kuti mukalandira njinga muzibwezera pa muyezo wanu.

Nanga zitunda ndi katundu wolemera zikukhudzana bwanji ndi bondo?

Zikukhudzana kwambiri. Blantyre ndi Limbe ndi malo a zitunda, ndipo wochokera ku Chikwawa amachita kukwera phiri lonse kuchoka m'chigwa cha Shire kuti afike mumzinda. Njinga zambiri zonyamulira katundu zili ndi giya imodzi. Pa chitunda, ndi matumba a makala kapena munthu pa kaliyala, miyendo imazungulira pang'onopang'ono ndipo kuponda kulikonse kumafuna mphamvu zonse za thupi. Apa ndi pamene kafupa ka kutsogolo kwa bondo kamapanikizika kwambiri. Bondo limakonda kuzungulira mofulumira ndi mopepuka kusiyana ndi kukankha molemera. Wa njinga ya magiya asinthe giya asanafike pa chitunda, ndipo ayesetse kuzungulira ka 80 mpaka 90 pa mphindi pamalo athyathyathya. Kuponda giya yolemera sikusonyeza mphamvu. Wa njinga ya giya imodzi apite kwa okonza njinga akasinthe kagiya ka mano ka ku tayala lakumbuyo n'kuika kokulirapo. Mwachitsanzo, ngati kutsogolo kuli mano 44 ndipo kumbuyo 18, tayala limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka pa kupalasa kumodzi. Mukaika ka mano 22, limazungulira kawiri kokha, ndipo kuponda kumapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Tcheni chidzafunika kuwonjezera pang'ono. Liwiro pamalo athyathyathya lidzachepa, koma mawondo adzapuma. Ndipo chitunda chikakula, kutsika n'kukankha si manyazi. Matayala opanda mpweya wokwanira, tcheni chouma ndi mabuleki okhudza limu nazonso zimalemeretsa njinga pachabe.

Chishalo chili bwino, koma bondo limodzi lokha ndilo likupweteka. Chingakhale chiyani?

Yang'anani mapedulo. Njinga ikagwa ndi katundu, kachitsulo ka pakati pa pedulo kapena mkono umene pedulo imamangidwapo umapindika. Kupindikako sikuoneka msanga ndi maso, koma popalasa phazi limamva ngati likugwedezeka uku ndi uku, ndipo kugwedezekako kumathera m'bondo. Mkono wa pedulo ukamasewera chifukwa cha kachikhomo kotha, zotsatira zake n'zomwezo. Njinga zambiri zonyamula katundu zimayendanso ndi mapedulo amene mphira wake udatha kalekale, n'kutsala kachitsulo kokha. Pa kachitsulo kotere munthu amaponda ndi pakati pa phazi, ndipo ngati wavala patapata phazi limaterereka n'kumapotoka. Pedulo yatsopano ndi nsapato ya pansi polimba zikhoza kuthetsa ululu umene mapiritsi alephera. Kwa amasewera ovala nsapato zokolekera ku pedulo, kachitsulo ka pansi pa nsapato kakamangidwa mokhota kamakakamiza bondo kuyenda njira imene si yake. Kamangidwe motsatira mmene phazi lanu limalozera mukakhala pa tebulo miyendo ili lendelende, ndipo chidendene chizitha kusewera pang'ono. Nthawi zina vuto limakhala m'thupi: mwendo wina wofupikirapo, bondo limene lidavulalapo pa mpira, kapena minofu yofooka ya m'chiuno mbali imodzi.

Kodi si nyamakazi yobwera ndi kuzizira? Bondo langa limaliranso.

Kuzizira sikuyambitsa nyamakazi. N'zoona kuti m'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta Chigumula ndi Bvumbwe, minofu imauma ndipo ululu umene ulipo kale umamveka kwambiri, makamaka kwa onyamuka m'bandakucha. Valani buluku lophimba mawondo, ndipo mphindi 10 zoyamba palasani mopepuka kuti thupi litenthe. Nyamakazi ya m'mawondo ndi matenda ena: chichereŵechereŵe chophimba mafupa chimaperepeseka pang'onopang'ono, ndipo zimachitika kwambiri kwa anthu opitirira zaka 45 kapena 50, onenepa kwambiri, ndi amene adavulalapo bondo. Mnyamata wa zaka 25 amene bondo layamba kumupweteka atangoyamba kabaza, kawirikawiri si nyamakazi. Palinso mawu akuti mafuta a m'bondo atha chifukwa chopalasa. Madzi oterera a m'bondo satha ndi ntchito. Thupi limawapanga nthawi zonse, ndipo kuyendetsa bondo kumathandiza kuti afike ponseponse. Kulira kwa bondo kopanda ululu kapena kutupa n'kofala ndipo si matenda. Kumafunika kupimidwa ngati kukubwera ndi ululu, kutupa kapena kukakamira.

Ndimamwa mapiritsi opha ululu m'mawa uliwonse kuti ndigwire ntchito. Pali vuto?

Lilipo lalikulu. Mankhwala monga Brufen, Indocid ndi diclofenac amachepetsa ululu, koma akamwedwa tsiku ndi tsiku amayambitsa zilonda za m'mimba, kutaya magazi mkati, ndi kuwononga impso. Ngoziyo imakula kwa munthu amene akutuluka thukuta tsiku lonse osamwa madzi okwanira, amene amawamwa m'mimba mulibe kanthu, womwa mowa, wodwala kuthamanga kwa magazi kapena shuga, ndi amene ali pa mankhwala ena okhudza impso, kuphatikizapo ma ARV ena. Amayi oyembekezera asamwe mankhwalawa popanda uphungu wa kuchipatala. Kumwa mitundu iwiri nthawi imodzi sikuwonjezera mphamvu, kumangowonjezera ngozi. Choipa china n'chakuti piritsi limatseka pakamwa bondo pamene likukuchenjezani, ndipo mumapitiriza kulivulaza. Panado ndi wofatsirapo ngati mukutsatira muyezo wolembedwa pa paketi, koma nayenso sakweza chishalo. Kutema mphini pa bondo nakonso sikufika pa gwero la ululu, ndipo lumo likhoza kulowetsa tizilombo pafupi ndi mfundo kapena kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi ngati lagwiritsidwa ntchito pa anthu angapo.

Njinga ndiye munda wanga. Kodi ndisiye kupalasa?

Nthawi zambiri sipafunika kusiyiratu. Chofunika ndi kuchepetsa katundu amene bondo likusenza mpaka litazizira, uku mukukonza chimene chidayambitsa. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri, sankhani maulendo afupiafupi, pewani zitunda zikuluzikulu, chepetsani matumba, ndipo kankhani pamene kale mumaimirira pa mapedulo. Mukaweruka, ikani pa bondo madzi oundana okulunga m'nsalu kapena nsalu yonyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi 15 mpaka 20. Muyezo wabwino ndi uwu: ululu wochepa umene sukukula popalasa ndipo watha pofika mawa lake ndi wopiririka, ululu umene ukukula, ukukutsimphinitsani, kapena wadzuka nanu m'mawa ukutanthauza kuti mwapitirira. Amasewera ambiri amavulala chifukwa chodumpha: sabata ino makilomita 20, sabata yamawa ulendo wa ku Zomba kapena ku Mulanje. Mapapo ndi mtima zimazolowera msanga kuposa mitsempha ya m'bondo. Aphunzitsi ambiri amalangiza kuwonjezera mtunda ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi pa sabata. Woyamba kumene kabaza, kapena wobwerera atadwala, ayambenso chimodzimodzi.

Miyendo yanga ndi yamphamvu kale. Masewera olimbitsa thupi ndi a chiyani?

Kupalasa kumalimbitsa kutsogolo kwa ntchafu, koma kumasiya minofu ya m'matako ndi m'mbali mwa chiuno ili yofooka. Minofu imeneyi ndiyo imagwira ntchafu kuti bondo lisagwere mkati poponda. Masewera ake safuna ndalama. Gonani chagada mawondo atapindika, kwezani chiuno m'mwamba, dikirani pang'ono, tsitsani. Gonani chammbali n'kukweza mwendo wapamwamba uli wowongoka. Kwerani pa sitepe kapena pa njerwa yokhazikika ndi mwendo umodzi, n'kutsika pang'onopang'ono, bondo likuloza kumene kwaloza chala chachiwiri cha phazi. Chitani chilichonse ka 10 mpaka 15, maulendo atatu, masiku atatu pa sabata. Mukatsika pa njinga, tambasulani ntchafu pokokera chidendene ku thako kwa masekondi 30, kenako kuseri kwa ntchafu ndi katumba. Musayembekezere kusintha tsiku lomwelo. Zimatenga masabata 6 mpaka 12. Komabe pa ululu wa kutsogolo kwa bondo, kulimbitsa chiuno ndi ntchafu ndiyo njira imene madokotala a mafizo amaidalira kuposa zina zonse.

Mwana wanga amapita kusukulu pa njinga ndipo akudandaula bondo. Ndi kukula chabe?

Mwina, koma musangoganiza. Ana a zaka pakati pa 10 ndi 15, makamaka othamanga ndi osewera mpira, amatha kutupa ndi kumva ululu pa kafundo ka m'munsi mwa bondo, pamwamba pa msongolo. Vutoli limatchedwa Osgood-Schlatter, ndipo limatha lokha fupa likamaliza kukula, bola mwana achepetse zimene zikumupweteka. Ana ambiri amapalasanso njinga za akuluakulu, akunyanyamphira pedulo iliyonse kapena atalowetsa mwendo kunsi kwa felemu, zomwe zimapotoza bondo ndi chiuno. Mwana wokula msanga amafunika kumukwezera chishalo miyezi ingapo iliyonse. Chenjezo lalikulu ndi ili: matenda a mfundo ya m'chiuno mwa ana nthawi zambiri amamveka ngati ululu wa bondo. Mwana amene akutsimphina, akukana kuponda, watentha thupi, kapena akudzuka usiku ndi ululu wa fupa apite kuchipatala msanga.

Ndi liti pamene ndiyenera kupita kuchipatala, ndipo ndipite kuti?

Pitani tsiku lomwelo ngati bondo latupa, latentha ndi kufiira, makamaka ngati thupi latenthanso, chifukwa mafinya a mu mfundo amawononga bondo m'masiku ochepa. Pitaninso msanga ngati mwagwa kapena mwagundidwa ndipo simukutha kuponda, bondo lapotoka, latupa m'maola ochepa, likukakamira osawongoka, kapena likugonja pansi panu. Katumba akatupa ndi kupweteka mwendo umodzi, akhoza kukhala magazi oundana mu mtsempha, ndipo zimenezi sizidikira. Bondo lotupa kwa masabata ambiri limodzi ndi kuwonda ndi thukuta la usiku lipimidwe, popeza TB imagwiranso mafupa ndi mfundo. Ululu wamba umene sukusintha patatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi mutakonza njinga ndi kuchepetsa ntchito nawonso ufunika kuonedwa. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha pafupi, monga cha Limbe kapena cha Bangwe, kumene angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe chili ndi madokotala a mafupa ndi a mafizo. Pafupi ndi pomwepo pali Kachere Rehabilitation Centre, komanso chipatala cha Beit CURE chimene chidatsegulidwa mu 2002 ndipo chimathandiza ana a mavuto a mafupa. M'zipatala za maboma monga Thyolo ndi Chiradzulu muli azachipatala ophunzira za mafupa, amene dziko lino lidayamba kuwaphunzitsa mu 1985. Musakhumudwe mukapanda kujambulidwa. Ululu wambiri wa opalasa suoneka pa X-ray ndipo umadziwika pofunsa ndi popima ndi manja. Muuzeni dokotala maola amene mumapalasa, katundu amene mumanyamula, ndi chimene chidasintha ululu usanayambe.

Inu amene mumadyetsa banja ndi njinga, ndi inu amene mumapalasa kuti mukhale athanzi, musadikire kuti muyambe kutsimphina. Sabata ino yezani chishalo ndi chidendene, onetsetsani mapedulo, pepuzani giya, ndipo lekani kudalira mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Eni njinga za kabaza, lolani anyamata anu asinthe chishalo ndipo muwagulire mapedulo abwino. Mukaona chimodzi mwa zizindikiro zoopsa zija, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.